Fyuzi ikapsa asamange ndi waya: phunziro kwa amalonda a pa Neno Boma

Nyengo ya mbatatesi ndi manachesi ikafika, malole ochoka pa Neno Boma amanyamuka usiku atadzaza mpaka pamwamba, kulunjika kumsewu wa tala wa Mwanza ndi Zalewa kuti katundu akafike ku Limbe msika usanayambe. Msewu wake ndi wodziwika: mabampu, miyala, fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Penapake pakati pa ulendo nyali zimazima mwadzidzidzi. Dalaivala amaima, kutsegula kabokosi ka mafyuzi, n'kupeza imodzi itapsa. Yapadera alibe. Ndiye amasenda chidutswa cha waya, kupota tinsinga take, n'kumanga pamene panali fyuzi paja. Wina amapinda kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Nyali zimayakanso, eni katundu amene akhala pamwamba pa matumba amapumira m'mwamba, ndipo dalaivala amatamidwa kuti ndi dolo.

Udolo umenewu ndi katapila. Wokongola amalandira thandizo lero, koma chiwongoladzanja chake chimadzabwera tsiku lina, ndipo chimatenga galimoto, okala kapena chigayo. Mwa zinthu zonse zimene wamalonda wa pa Neno amagula pofuna kuteteza mpamba wake, kuyambira loko wa pachitseko mpaka mankhwala a anankafumbwe, fyuzi ndiyo yotsika mtengo kwambiri. Ndiyonso imene anthu amainyozera kwambiri.

Ntchito ya fyuzi ndi kufa

Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kamene kadapangidwa dala kuti kakhale kofooka kuposa waya aliyense wa m'njira imene magetsi akudutsa. Magetsi akachuluka kupyola muyeso, kachitsuloko kamatentha, kusungunuka, n'kudula njira waya asanayambe kupsa. Nambala yolembedwa pamsana pake, monga 10A kapena 15A, ndi kuchuluka kwa magetsi amene imalola kudutsa. Opanga galimoto kapena makina amasankha nambalayo poyang'ana kunenepa kwa waya amene akutetezedwa.

Choncho fyuzi ikapsa sindiye kuti yalephera ntchito. Yagwira ntchito yake. Yanena kuti penapake waya wasupuka ndipo wakhudza chitsulo, kapena kuti pa waya mmodzi palumikizidwa zinthu zambiri. Wakutsina khutu ndi mnansi. Womanga waya pamalo pake amakhala ngati mwini sitolo amene wachotsa ntchito mlonda chifukwa chomudzutsa usiku kuti kunja kuli akuba.

Chimene ambiri sadziwa ndi mmene kutentha kumakwerera. Magetsi odutsa m'waya akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Akawirikiza katatu, kutentha kumafika kasanu n'kanayi. Tsono batire ya galimoto, ikakumana ndi shoti popanda choidula, imatha kutulutsa magetsi okwana ma amp mazanamazana nthawi imodzi. Waya wopangidwira 10A amafiira ngati khala m'kamphindi, pulasitiki wake n'kuyaka, ndipo popeza mawaya a galimoto amamangidwa mtolo umodzi, moto umayenda ndi mtolo wonsewo kuseri kwa dashibodi. Pofika pamene dalaivala akumva fungo, ntchito yatha kale.

Kuika fyuzi yaikulu m'malo mwa yaing'ono n'chimodzimodzi, kungoti ngozi yake imabwera mwakachetechete. Pamene pamafunika 10A pakalowa 30A, waya akhoza kumanyamula magetsi ochuluka katatu, fyuzi ili phee, iye akupsa pang'onopang'ono.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya pa Neno

Neno idakhala boma paokha mu 2003 itachoka ku Mwanza, koma mpaka lero zinthu zambiri za amakaniko ndi a zamagetsi zimachokera ku Blantyre, Mwanza kapena Zalewa. Chinthu chikawonongeka paboma, mtengo wake si wa sipeya yokha. Pali thiransipoti yopita ndi yobwera, chakudya cha panjira, mwinanso malo ogona, kuphatikizapo masiku amene bizinesi yaima. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja, batire, inveta, mota, mtolo wa mawaya a galimoto, chidakwera mtengo mosaneneka. Wamalonda wa m'tauni zinthu zikamupsera amalira kamodzi. Wa pa Neno amalira kawiri.

Komanso msewu umene umachititsa kuti sipeya asowe ndi womwewo umene umapsereza mafyuzi. Kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku kumakhuza mawaya kuchitsulo mpaka pulasitiki kuperepeseka. Madzi a m'mitsinje yowoloka m'dzinja amalowa m'malumikizidwe. Galimoto imene yagona pafupi ndi matumba a chimanga imalandira makoswe, ndipo khoswe sasiyanitsa waya ndi chitsononkho. Galimoto ya pa Neno imakumana ndi shoti kawirikawiri kuposa ya pa tala, ndiye ndi imene ikufunika fyuzi yeniyeni kuposa zonse.

Chachitatu ndi sola. Ngakhale magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula ndi Tedzani, kufupi ndi malire a boma lomweli, midzi yambiri ya Neno ilibe magetsi a ESCOM. Ndipo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya pafupifupi 130 megawatt kwa nthawi yoposa chaka, kuzimazima kudakula, ndipo ngakhale amene ali ndi magetsi adathamangira kukagula mabatire ndi ma inveta. Lero m'malo ometera, otchajira mafoni, oonetsera mpira ndi ogulitsira zoziziritsa muli mabatire aakulu olumikizidwa ndi mawaya a wailesi, opanda fyuzi ngakhale imodzi, ataikidwa pansi pa shelefu ya makatoni, mafuta ophikira ndi machesi.

Chomaliza n'chakuti galimoto zozimitsa moto zili m'mizinda. Moto ukabuka pamsika wa paboma, ozimitsa ake ndi ndowa ndi mchenga. Ndipo m'misika ya kuno, mashopu ndi ogundana, moto wa mmodzi ndi wa mzere wonse.

Zimene a m'nyumba zosungiramo katundu amadziwa

Katundu wambiri amene amagulitsidwa pa Neno, shuga, sopo, feteleza, simenti, amayamba wadutsa m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu za ku Limbe, Makata ndi Kanengo. M'menemo matumba sasenzedwa pamutu okhaokha. Muli mafolokolifiti ndi tingolo ta batire tonyamulira katundu wosanjikizidwa pamatabwa, toyenda m'tinjira topapatiza pakati pa milu ya katundu. Achinyamata amene adagwirako ntchito m'nyumba zotere ku Joni amatidziwa bwino.

Kangolo kotere kawirikawiri kamayendera batire ya 24 volt ndipo kamakhala ndi mafyuzi a mitundu iwiri. Yaikulu, yomangidwa ndi mabawuti, imateteza mota yoyendetsa ndi mota ya pampu yokwezera katundu, ndipo nambala yake imatha kupitirira 100A. Yaing'ono, ya ma amp ochepa chabe, imateteza kiyi, mabatani ndi kabokosi kolamulira makinawo. Yaing'onoyo ikapsa, makina onse amaima ngati afa, ngakhale batire ili yodzaza.

Kumene zinthu zimayendetsedwa bwino, kangolo kakaima choncho woyendetsa saloledwa kutsegula n'kumanga waya. Kamachotsedwa pantchito, batire imazulidwa, makaniko amafufuza chimene chapsereza fyuzi, n'kuikamo ina ya nambala yomweyo. Eni nyumbazo si kuti ndi aulesi kapena ali ndi ndalama zotaya. Adawerengera. Kabokosi kolamulira makina kamadula kuposa fyuzi maulendo mazanamazana, ndipo moto wa m'nyumba yodzaza fodya, thonje kapena feteleza umathetsa kampani. Amalolera kuti ntchito iime ola limodzi.

Masamu amenewa sasintha ndi kukula kwa bizinesi. Kwenikweni amamukhudza kwambiri wa geni yaing'ono, chifukwa kampani yaikulu ili ndi inshuwalansi, pamene mwini njinga ya kabaza imodzi, yogulidwa ndi ngongole ya banki mkhonde, akapsa wapsa basi, ndipo ngongole ikumudikira.

Nanga wothedwa nzeru panjira atani?

Madalaivala ali ndi yankho lawo, ndipo ndi lomveka. Munthu ali pakati pa phiri usiku, mvula ikugwa, matumba a mbatatesi akunyowa, shopu yapafupi ili kutali ndipo ndi yotseka. Adikire mpaka liti? Bwana akuimba foni kufunsa chimene chikuchedwetsa, eni katundu akulalata. Mawu akuti fyuzi ndi mlonda sangamufikitse ku Limbe.

N'zoona, koma njira ilipo ndipo si ya waya. M'kabokosi komweko muli mafyuzi a zinthu zimene galimoto ingayende popanda izo: wailesi, choyatsira ndudu, nyali ya m'kati. Dalaivala akhoza kuzula imodzi mwa zimenezo, ya nambala yofanana ndi yopsayo kapena yocheperapo pang'ono, n'kuiika pa nyali zakutsogolo. Ulendo wopanda nyimbo sudaphe munthu. Galimoto zambiri zimabweranso ndi mafyuzi apadera pachivundikiro cha kabokosiko, ngati sadagwiritsidwe kale ntchito osabwezeretsa.

Yachiwiriyo ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti pali shoti yeniyeni, ndipo apa m'pamene waya ndi woopsa kwambiri. Chofunika n'kutsatira waya ndi tochi, makamaka pamene wadutsa pabowo la chitsulo, pafupi ndi ekizozi kapena pamene wina adalumikizapo kanthu kena, kukulunga malo osupukawo ndi tepi, kenako kuyesanso. Zikakanika, kugona panjira n'kowawa, koma mbatatesi yochedwa imagulitsidwabe, ngakhale motchipa. Yopsera limodzi ndi lole ilibe wogula.

Vuto lenileni la waya wa panjira n'lakuti sachoka. Womanga amati ndi wongofikira pa Zalewa. Akafika, nyali zikuyaka, aiwala. Patatha miyezi, galimoto imapsa ili chiimire, ndipo anthu amayamba kulozana zala za ufiti.

Eni magalimoto ndi eni mashopu asazembe

Mlandu si wa madalaivala okha. Mwini lole amene amawerengera dizilo mpaka dontho lomaliza koma osagula paketi ya mafyuzi apadera ndiye amene wamanga wayayo, ngakhale manja ake sadakhudze. Mwini njinga amene amafuna ndalama yake ya tsiku yathunthu, osalola kuti wokwera achotsepo ya fyuzi, akudula nthambi imene wakhalapo.

Eni mashopu a hadiweya ndi a zipangizo za njinga paboma nawonso ali ndi mbali yawo. Si zachilendo wogula kufunsa 10A n'kuyankhidwa kuti, "Yatha achimwene, koma tengani iyi ya 30, ndi yolimba, sipsa msanga." Wogulitsa amaona ngati wathandiza. Koma fyuzi yosapsa si yolimba, ndi yopanda ntchito. Wamalonda wanzeru aone mwayi umene ulipo apa: mafyuzi sawola, satenga malo, salemera pa thiransipoti, ndipo safuna mpamba wambiri. Kabokosi kamodzi ka manambala osiyanasiyana, kooda ku Limbe pamodzi ndi katundu wina, n'kokwanira kuti shopu idziwike kwa a kabaza ndi madalaivala onse kuti pamenepo sasowa. Wobwera kudzagula fyuzi amatuluka atagulanso tepi, babu ndi oilo.

Pooda pafunika maso. Mafyuzi achinyengo alipo, ndipo si vuto la kuno kokha: mu 2007, ku America, mafyuzi a galimoto otchipa amene ankagulitsidwa m'timapaketi adachotsedwa pamsika atapezeka kuti sakupsa pa nambala imene adalembedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira imodzi yowazindikirira ndi kuika ya 5A pafupi ndi ya 30A n'kuyang'ana pa dzuwa. Kachitsulo ka m'kati mwa ya 30A kayenera kukhala konenepa moonekeratu. Zikafanana, ndiye kuti fakitale idangosintha mtundu wa pulasitiki, ndipo paketi yonseyo ndi yosayenera kugulitsidwa. Miyendo yopindika ndi chala mosavuta komanso nambala yofufutika ndi zizindikiro zina. Bungwe loona za miyeso ya katundu la Malawi Bureau of Standards ndi la Competition and Fair Trading Commission alipo kaamba ka nkhani ngati zimenezi, koma woyamba kutchinga katundu woipa ndi wooda mwini wake.

Zoyenera kudziwa pogula

Pa galimoto ndi njinga zambiri zamakono, mafyuzi ndi aja a miyendo iwiri yaphanthiphanthi, ndipo mtundu wake umanena nambala: ya khaki ndi 5A, yabulawuni 7.5A, yofiira 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yoyera kapena yoonekera m'kati 25A, yobiriwira 30A. Alipo aakulu ndi aang'ono a nambala yofanana, choncho wogula azinyamula yopsayo popita kushopu. Nambala yoyenera malo aliwonse imakhala yojambulidwa pachivundikiro cha kabokosi. Pa galimoto yogula kwa munthu, chojambulidwacho ndicho chokhulupirika, osati fyuzi imene yapezekamo, chifukwa mwina mwini wakale adaikamo yolakwika.

A kabaza amakonda kuwonjezera nyali, masipika ndi potchajira foni, polumikiza mwachindunji ku batire. Waya aliyense wotero afunika fyuzi yakeyake pafupi ndi batire. Pa njinga, batire, mawaya ndi thanki ya petulo zili malo amodzi, pakati pa miyendo ya wokwera.

Pa sola, fyuzi ikhale pa waya wochoka kumutu wa pulasi wa batire, kufupi kwambiri ndi batireyo. Masamu ake ndi osavuta: ma watt kugawa ndi ma volt. Inveta ya 1000 watt ikamagwira ntchito mokwanira pa batire ya 12 volt imakoka magetsi oposa 80A. Pamenepo pafunika waya wonenepa ngati wa batire ya galimoto ndi fyuzi yomanga ndi mabawuti, osati waya wa sipika. Wogulitsa inveta osatchula za fyuzi wagulitsa theka la katundu.

M'mashopu a magetsi a ESCOM, amene ndi a 230 volt, pulagi ya mano atatu aphanthiphanthi imakhala ndi fyuzi yake m'kati. Ya 3A imakwana zinthu zosapitirira ma watt pafupifupi 700, monga wailesi ya kanema, makina ometera ndi nyali. Ya 13A ndi ya ketulo, simbi ndi mbaula yamagetsi, mpaka ma watt pafupifupi 3000. Mapulagi a mano obulungira ochokera ku Joni ndi ku Mozambique alibe fyuzi, ndipo kuwakakamiza mu soketi, kapena kulowetsa mawaya opanda pulagi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, n'kuchotsa chitetezo chonse. Pulagi yatsopano ndi yotchipa kuposa filiji.

Fyuzi ya galimoto isaikidwe pa magetsi a m'nyumba. Yambiri idapangidwira magetsi osapitirira 32 volt, ndipo pa magetsi aakulu moto umatha kudumpha pamene kachitsulo kaduka, njira osatsekeka. Pa chifukwa chomwecho, folokolifiti ya batire ya 48 volt imafuna mafyuzi akeake.

Eni zigayo zamagetsi adziwe kuti mota ya mawaya atatu ikataya waya mmodzi chifukwa fyuzi yapsa, imayamba kung'ung'udza, kufooka ndi kutentha. Woyendetsa azimitse nthawi yomweyo, ngakhale amayi ali pamzere ndi madengu awo. Kukakamiza kumapsereza mota, ndipo kukaikulungitsanso ndi ulendo wa ku Blantyre ndi masabata opanda ndalama. Fyuzi ya pamita kapena pa polo ndi ya ESCOM, ndipo kuigwira ndi mlandu. Za m'kati mwa nyumba akonze ndi wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Safunsa adadya phula.

Asanasinthe fyuzi iliyonse, munthu ayambe wazimitsa: kiyi wa galimoto, switchi ya pakhoma kapena mutu wa batire. Ndipo fyuzi ikapsa kawiri pamalo amodzi, yachitatu isaikidwe chifukwa chisanapezeke.

Ndalama yaing'ono, chisankho chachikulu

Wamalonda aliyense wa pa Neno amadziwa kuwerengera phindu la thumba la mbatatesi kuchokera kumunda mpaka ku Limbe, ndipo salola kuti ngakhale K100 isowe mosadziwika. N'zodabwitsa kuti munthu yemweyo amalolera kuika lole yake yonse pa chidutswa cha waya chotola pansi. Msewu wa tala wochoka ku Tsangano kudutsa pa Neno mpaka ku Mwanza anthu akhala akuuyembekezera zaka zambiri, ndipo kutha kwake sikuli m'manja mwa wogulitsa pamsika. Koma paketi ya mafyuzi m'galimoto, fyuzi imodzi pa batire ya sola, ndi kabokosi ka manambala onse pashelefu ya hadiweya, zimenezo zili m'manja mwake sabata inoyi.

Nyengo yokolola isanafike pachimake, eni magalimoto atsegule timabokosi tawo n'kuona kuti muli mawaya angati omangidwa kalekale amene aliyense adaiwala. Aliyense mwa mawayawo ndi ngongole ya katapila imene sidabwezedwe. Dalaivala akadzabwera wapansi kudzanena kuti, "Pepani bwana, galimoto yapsa," mawuwo adzakhala aulemu ndithu, koma pepani sapoletsa chilonda.